Chidindo Chimene Ndinachisititsa pa Boma

Manja angawa alandira ana ambiri, koma ku Chipata, kwathu ku Zambia. Kuno ku Thyolo amangochapa ndi kuphika.

Ndinabwera chifukwa cha banja. Bambo a kunyumba anali msilikali wa kuno ku Malawi, ndipo atavula yunifolomu anapeza ntchito yoyang'anira alonda pa esiteti ya tiyi. Ndinamanga katundu osawiringula, satifiketi yanga ya uzamba ili mu envulopu pansi pa sutikesi. Ndinkati mimba ndi mimba, ntchito ndikaipeza.

Chiperoni sindinkachidziwa. Kamvula kaja kamalowa mpaka m'sutikesi! Miyezi iwiri yokha, nsapato zachita chuku, envulopu yayamba mawanga. Mayi woyandikana nafe, wothyola tiyi, anandiseka.

"Inu a ku Zambia, kuno pepala siliyenda maliseche. Kalimatitseni pulasitiki pa Boma, tonsefe timatero."

Ndinapitadi. Makina otentha omatira pulasitiki anaimeza satifiketi yanga n'kuilavula ikunyezimira ngati mbale yatsopano. Ndinabwerera ndikunyada, chitsiru ine.

Ku ofesi yolembetsa anamwino, mayi wa pakauntala anaisisita ndi chala, n'kuitembenuza.

"Amayi, chidindo chili pati?"

Chidindo cha sukulu yathu sichinali cha inki. Chinali chotupa papepala, chochimva ndi chala, ndipo makina aja anachisita chonse kuti see.

"Popanda chimenecho sitingakulembetseni. Sukulu yanu itilembere kalata yokha."

Ndalembera sukuluyo kanayi. Zii. Akuti inasintha eni ake, ndipo mabuku akale sakudziwika komwe ali.

Ntchito yanga ndimaisowa, sindibisa. Ndimasowa ngakhale fungo la mankhwala okolopera m'wodi. Amayi oyembekezera akamadutsa m'kanjira ka m'tiyi kupita ku sikelo, ndimadziwa ndi kayendedwe kokha kuti uyu watsala sabata, uyu mwana sanatsike. Ndimangowapatsa moni.

Mwezi wathawu mwana wamkazi wa mayi woyandikana nafe uja, yemwe anali woyembekezera, matenda anamuyamba masana. Tinamuperekeza kukiliniki ya pa esiteti, ine nditasenza beseni ndi zitenje. Pakhomo namwino, mtsikana wamng'ono kwa ine, anatitchinga mwaulemu.

"A gadiyani amadikira panja, amayi."

Tinakhala pabenchi. Makutu anga ankaona zonse za m'katimo. Ndinamva pamene anayamba kukankha, ndinamva pamene mwana anatuluka. Kenako chete. Mwana osalira. Mnzangayo ankangopemphera m'Chilomwe, osadziwa kanthu, koma ine ndinkadziwa, ndipo ndinkadziwanso chochita: kumupukuta msanga, kumusisita msana mwamphamvu. Chitseko chinali pompo, chosakhoma n'komwe. Miyendo inafuna kudzuka, ine ndinaikaniza.

Ndiye mwana analira. Mnzanga anadumpha ndi nthungululu, kenako anandiyang'ana modabwa.

"Anzanga, mwatani? Chitenjecho mung'amba."

Ndinayang'ana pamiyendo panga. Ndinali nditachipinda ngati khanda, ndipo manja anali akuchisisitabe msana.