Nyimbo ya Maliro pa Ukwati wa ku Chiringa

Inu amene munalakwitsapo pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero mukuyendabe mozemba, imvani za Rozaria Lekani. Sinditalikitsa.

Loweruka lina kunali ukwati m'tchalitchi china ku Chiringa. Mpingo unali utangolandira mabuku atsopano a nyimbo, okwana mazana awiri. Tsamba lililonse linali ndi madanga awiri, Chilomwe kumanzere, Chichewa kumanja. Wotsogolera nyimbo, a Makina, anayang'ana pa kalozera kumapeto kwa buku n'kulengeza kuti, "Nyimbo ya ukwati, tsamba 58, danga lachiwiri."

Anthu anatsegula n'kuyamba kuimba. Mzere woyamba unadutsa, wachiwiri unadutsa. Pa wachitatu mayi a mkwatibwi anaika manja kumutu. Inali nyimbo yotsitsira maliro m'manda.

Amene anataipa bukulo anali Rozaria, ndipo anali momwemo, pa benchi lachitatu.

Mayeso a Folomu 4 analephera kawiri. Anagulitsa matemba a ku Chilwa zaka zisanu ndi chimodzi, kenako anaphunzira kutaipa pa kashopu kosindikizira ka a Sitima. Bukuli linali ntchito yake yoyamba yaikulu. Manambala onse a pa kalozera anawataipa yekha, imodziimodzi: tsamba lakuti, danga lakuti, mzere wakuti. Sanaphonye ndi imodzi yomwe. Koma kutatsala masiku awiri kuti asindikize, akulu a mpingo anabwera ndi nyimbo zitatu zoti zilowe kutsogolo. Anazilowetsa. Masamba onse anasuntha, kalozera anatsala pomwe anali.

Lolemba a Sitima anamuchotsa pa kompyuta. "Kuyambira lero uzisesa. Kompyutayi usaikhudze."

Kumsika nako sanamusiye. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Rozaria, mwana wanga akukwatiwa mwezi wamawa. Ukabwere, koma bokosi ukalisiye kunyumba!"

Anasesa sabata imodzi, n'kubwerera ku matemba.

Chaka chimenecho madzi a Chilwa anali atathawa mtunda wautali. Rozaria anapeza malume ake, a Chikondwero, akukoka bwato m'matope.

"Malume, gombe lasuntha chonchi, ukonde wanu mumaupeza bwanji?"

"Iwe, Chilwa sakhala malo amodzi. Ukaloweza zoti ukonde uli moyang'anana ndi mtengo uja, ugona ndi njala. Ine ndimamangirira kachigubu ku ukondewo. Ukonde ukasuntha, kachigubu kamapita nawo."

Rozaria anasunga mawuwo. Matemba a tsikulo anagula, anagulitsa, ndipo m'mawa mwake anali pakhomo pa a Sitima.

"Ndizisesa monga munanenera. Koma nthawi ya nkhomaliro mundibwereke kompyuta."

"Ukufuna uike maliro a ndaninso?"

"Ndikufuna kachigubu."

A Sitima sanamvetse, koma tsache linalibe mwini, ndiye analola.

Anafufuza masabata atatu, ola limodzi pa tsiku, magetsi akakhala kuti sanathime. Chingerezi cha malangizo a pulogalamu yokonzera mabuku chinkamukanika, moti ankawerenga ndime imodzi kanayi. Koma kachigubuko anakapeza. Pa mzere woyamba wa nyimbo umaikapo chizindikiro chobisika, chosatuluka pa pepala, n'kuchipatsa dzina. Ukafika pa kalozera sutaipa nambala. Umangotchula dzina lija, kompyuta n'kukatenga yokha tsamba, danga ndi mzere pamene chizindikirocho chili.

Atayesa koyamba, pamalo pa manambala panatuluka zizindikiro za funso, kalozera yense. Anazimitsa kompyuta n'kukasesa pakhonde pomwe anali atasesa kale. Patapita masiku awiri anatulukira kuti pulogalamuyo imafuna uiyendetse kawiri: koyamba iwerenge pomwe zinthu zili, kachiwiri ilembe.

Ndiye anayamba kumangirira. Nyimbo 214. Mawu ovuta a Chilomwe oposa mazana asanu, amene achinyamata ankayenera kuwapeza pa mzere wake weniweni. Miyezi iwiri yathunthu nkhomaliro yake inali chinangwa chootcha pambali pa kiyibodi.

Kenako kunamveka kuti mpingo ukufuna kusindikizanso bukulo, koma ku Blantyre. Rozaria anakwera njinga mpaka kwa a Makina.

"Mayi, munatiimbitsa maliro pa ukwati," anatero a Makina. "Mpaka lero akuchimuna satipatsa moni."

"Ndikudziwa, bambo. Bwerani ndi nyimbo iliyonse, muiike pomwe mukufuna. Nambala imodzi ikalakwika, pitani ku Blantyre."

A Makina anabwera Lachinayi, magalasi ali pamphuno. Anatchula nyimbo yaitali ya ndime zisanu ndi ziwiri, n'kunena kuti ilowe patsamba loyamba. Rozaria anataipa, n'kuyendetsa kawiri. A Makina anatenga mapepala n'kuyamba kulondola ndi chala. Nyimbo ya ukwati: tsamba lake, danga lake, mzere wake. Anayesa ina. Anayesa khumi. Anayesa mawu a Chilomwe a kumapeto kwenikweni.

"Ikaninso ina pakati," anatero.

"Bambo, ndiika. Koma mukapitiriza, bukuli azimayi azilisenza pamutu."

A Makina anavula magalasi. "A Sitima, ntchito ija ikhale konkuno. Koma aigwire mayiwa."

Lero Rozaria ali ndi shopu yakeyake pa boma la Phalombe. Amakonza mabuku a mipingo, malipoti a magulu a alimi ndi timabuku ta sukulu. Aliyense amene amamuphunzitsa ntchito, lamulo loyamba ndi limodzi: nambala ya tsamba sitaipidwa ndi manja.

Chaka chatha mayi a mkwatibwi uja anabwera kudzasindikiza pulogalamu ya ukwati wa mwana wawo wachiwiri. Anaiwerenga katatu ali chiimire, n'kuipinda, n'kunena kuti, "Mudzabwere. Mudzakhale pa benchi loyamba."

Basi, nkhani ndi imeneyo. Anthu anakusekani? Anaseka, zinatha. Kulira sikukonza kalozera. Bwererani pomwe munagwera, mufufuze chimene chinasuntha, mumangirirepo kachigubu. Zikakana koyamba, yendetsani kachiwiri. Osataya mtima.