Mayi amene anapita kukalima ku mwezi

Napolo atatsika m'phiri la Michesi n'kusiya mchenga wokhawokha m'munda mwathu, ndinaganiza zopita ku Blantyre kukagwira ntchito yam'nyumba. Mwandida, mwana wanga, anali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya ndi achemwali anga kwa Nazombe. Ndinachoka akusewera kuseri kwa nyumba, chifukwa akanandiona sindikanapita.

Abwana anga anali mayi Nankhoma, olemba mabuku. Kale ankaphunzitsa, ndipo anandiuza kuti buku lawo loyamba linakanidwa mpaka anatopa nako kulitumiza. Ankalemba za anthu okhala ku nyenyezi ndi za mizimu yokwera ndege. Poyamba ndinkati mutu wawo sukuyenda bwino. Koma ankakonda kundiwerengera zimene alemba ine ndikusita, ndipo ndinazolowera.

Nkhani ina inali ya mayi wotchedwa Nasiwelo amene anapita kukalima ku mwezi. Tsiku lina anandiwerengera kuti Nasiwelo waphika kalongonda ola limodzi n'kugawira anzake.

"Amayi, mwawapha onsetu," ndinatero.

"Ndawapha bwanji, Esinati?"

"Kalongonda timaphika tsiku lonse, tikutaya madzi n'kuthira ena. Nanga kumweziko madziwo alipo?"

Anaseka mpaka misozi, n'kufufuta tsamba lonse. Kuyambira pamenepo ankandifunsa za mbewu iliyonse asanaibzale m'buku.

Malipiro ankakwana chimanga ndi sopo wa kumudzi, basi. Chondivuta chinali Lamulungu, ntchito ikachepa n'kumva ana a eni akulira kuseri kwa mpanda. Pafoni Mwandida sankayankhula, ankangopuma. Ndiye ndinayamba kujambula mawu anga ndikusimba za Nasiwelo, pang'onopang'ono, n'kumatumiza pa foni ya alamu anga. Mathero sindinatumize. Mayi Nankhoma anali asanawapeze. Ankangozungulira pakhonde n'kumati, "Kodi mayiyu ndimubweze kapena akhale konko?"

Patatha zaka ziwiri munda unayamba kubwerera, ndipo ndinatsanzika. Anandipatsa nsalu ndi kope loti mwana azidzalembamo.

Nditafika, Mwandida anabisala kumbuyo kwa achemwali. "Amayi, alendowa agona kuno?" Amayiwo sanali ine. Achemwali anafuna kumukalipira, ndinawaletsa. Mwana sakokedwa ngati mbuzi. Masiku atatu ndinkangomuyang'ana akudya, akuvala yekha, akutchula mawu a Chilomwe amene sindinamuphunzitse ine.

Tsiku lachinayi ndinali kusola nandolo pamkeka. Osamuyang'ana, ndinayamba ndekha: "Tsono Nasiwelo anadzuka, naona kuti dziko lathu lili patali ngati mbale ya buluu..."

Mwandida anasiya chimene ankasewera nacho. Anabwera pafupi, n'kundiyang'ana pakamwa.

"Inu ndinu a m'foni aja?"

"Ndine."

"Mukunama nkhaniyo. Nasiwelo sali kumweziko. Anabwera."

"Wakuuza ndani?"

"Ndekha. Anakwera kabaza pa Migowi. Anabweretsa buledi."

Achemwali anati wakhala akuuza anzake mathero amenewa chichokereni mvula. Buledi ndinali nditabweretsadi, koma anali atatha kale.

Madzulo ake ndinawaimbira mayi Nankhoma n'kuwafotokozera. Iwo anati, "Kabaza. Ine zaka zonsezi ndimafunafuna chombo."

Ndikuyankhula choncho, Mwandida anali atakhala pamwendo panga, akusola nandolo molakwitsa, theka akutayira pansi. Sindinamukonze.