Mfuti Imene Sinalire

Dzulo ndinkalumikiza paipi ya madzi kwathu ku Chirimba. Nditayamba kuipotokola, dzanja langa linaima, chifukwa ndinakumbuka Loweruka lina masana ku Limbe.

Bambo anga anamenya nkhondo ali mnyamata, ndipo ine ndinkauza aliyense kusukulu kuti palibe mfuti imene iwo sankaidziwa. Tsiku limenelo ananditenga pamodzi ndi mnzanga kukaonera kanema wa akazitape. M'holomo munkamveka fungo la thukuta ndi mtedza wokazinga.

Kazitape wovala suti anatulutsa kamfuti kosaposa chikhatho chake. Anatenganso kapaipi kakuda n'kukapotokolera kukamwa kwa mfutiyo, mosafulumira. Analoza mdani wake, ife tikudikira kuphulika. Tinangomva kuti fyu, ngati mphaka wayetsemula, munthu uja n'kugwa.

Anthu anaimirira akukuwa. "Makina afa! Bwezani mawu, inu oonetsa kanema kumwambako!" Ena anayamba kumenya mabenchi.

Mnzanga uja anandigunda ndi chigongono. "Afunse bambo ako. Si paja amadziwa zonse?"

Ndinatembenukira kwa bambo n'kufunsa. "Ababa, kodi makina afa?"

Sanandiyang'ane. "Makina ali bwino. Sukumva nsapato zake zikulira?"

Ndinatchera khutu. Zinkaliradi, gu, gu, pamasitepe.

"Nanga ndi mfuti yanji imeneyo, Ababa?"

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo, maso ali pachinsalu.

"Mwana wanga, imeneyi sindinaionepo," anatero chapansipansi. "Khala chete. Akufuna kuomberanso."