Mbande ya Tikondwe

Gerevazio anali munthu wa mitengo chiyambire. Ali mnyamata anachoka kwawo ku Kabwazi kukacheka matabwa a paini ku Phiri la Dedza, ndipo atakwatira Marita ku Lobi anapeza ntchito yowaza nkhuni pa kachipatala ka kampani ina ya ku Blantyre. Kampaniyo inkagulitsa mankhwala m'matauni, komanso inali ndi tizipatala tingapo kumidzi. Ku Lobi kunalibe magetsi, choncho masingano a jakisoni ndi masizasi ankaziwiritsa pamoto kuseri kwa nyumba. Kwa zaka khumi Gerevazio anadyetsa moto umenewo misuku ndi miwanga yonse ya pachitunda, mpaka chitundacho chinayera ngati mutu wometa mpala, kasupe wa m'munsi mwake n'kuyamba kuphwa Okutobala asanafike.

Mu 1995 zinthu zinali zitasintha, anthu sankaopanso kuloza chala. Akuluakulu a kampani atabwera, amayi anawatengera kukasupe kukawaonetsa matope amene ana awo ankamwa. Manyazi anawagwira azibambo a mataye aja. Analamula kuti pa mtengo uliwonse wodulidwa padzalidwe khumi, ndiponso, pofuna kuti amayi asamathawe sikelo, mwana aliyense womaliza katemera wa chikuku azilandira mbande ya pichesi yokadzala kwawo. Gerevazio anamulanda nkhwangwa, n'kumupatsa kheni yothirira ndi kampeni, n'kumutumiza kwa alangizi kukaphunzira kumezanitsa.

Pichesi yongomera pa nthanga imabala tizipatso towawasa, todzaza mphutsi, toti ngakhale nkhumba imayamba yaganiza kaye. Koma ukaidula ikadali mbande, n'kulumikizapo kanthambi ka mtengo wabwino, n'kumangapo kapulasitiki, imadzabala mapichesi odzaza dzanja. Ntchitoyi inamuyanja Gerevazio. Marita ankamudulira mapepala a shuga kukhala tizingwe, iye n'kumamanga, ndipo mwa mbande khumi zisanu ndi zinayi zinkagwira. Nazale yake anthu ankachita kuima panjira kuiyang'ana.

Tsono vuto linali apa. Gerevazio anali mkamwini, ndipo mkamwini sadzala mtengo kwa mkazi wake. Chimanga, nyemba, mbatata, zimenezo adzale mmene angafunire, poti amakolola chaka chomwecho. Koma mtengo umanena kuti dothi ili ndi langa, ndiye mawu amenewo mlendo sawalankhula. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pamudzi paja, anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anabereka ana asanu kuyambira Susan, koma panalibe mthunzi ndi umodzi womwe woti angauloze kuti ndinadzala ndine. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Munthu wolera mbande mazanamazana ankangozipereka pachipata, n'kutsala ndi dothi m'zikhadabo.

Wodzala anali Alufeo, mchimwene wake wa Marita, mwinimbumba. Iyeyu sanalaweko chikamwini: mkazi wake Jesinta anachita kumutenga chitengwa, n'kukhala pakwawo miyendo ili tambasu. Anali wapakamwa, wodziwa kuseka ndi alendo, ndipo a kampani atafuna wapampando wa komiti ya zaumoyo m'mudzi, dzina linatuluka lake. Anamupatsa njinga ya belu ndi malaya olembedwa kumsana. Mwana aliyense wa mbumba akalandira mbande, Alufeo ndiye ankakumba dzenje, kudzala, kenako kulankhula kwa theka la ola za ubwino wa mitengo. Gerevazio ankamvetsera ali chakumbuyo, mtima ukuwira, poti munthuyo sankadziwa n'komwe kuti kanthambi amakadula chopendeka.

Nsanje siinayambe ndi njinga. Njinga anaipirira. Chimene chinamudya ndi kalendala ya 1997. Wojambula wa kampani anabwera ku nazale, anabwereka kheni ya Gerevazio, n'kuipatsa Alufeo kuti aigwire pakati pa mbande. Kalendala itafika mu Januwale, Alufeo anali pakati penipeni mano onse panja, ndipo Gerevazio ankaoneka chigongono chokha kumphepete kwa chithunzi. Marita, posadziwa kuti akuthira mchere pachilonda, anaipachika m'nyumba mwawo moyang'anana ndi pamene mwamuna wake ankakhala pakudya.

“Mwaiona ntchito yanu mmene yakongolera, bambo a Susan?” anatero Marita.

“Ndaona chigongono changa,” anayankha Gerevazio. “Ine ndimangobereka. Odzala ndi ojambulidwa ndi ena.”

Marita anawasunga mumtima mawu amenewo.

Chaka chapitacho, mwezi wa Epulo, pamudzipo panabadwa ana awiri motsatizana: Tikondwe, mwana wachisanu wa Gerevazio, ndi Tony, mwana wa Alufeo. Onse awiri anali atatsala pang'ono kubayitsa wa chikuku. Gerevazio anali atasunga padera mbande ya Tikondwe, yonenepa, yomezanitsa ndi kanthambi ka pichesi ya kumishoni. Ankaithirira yoyamba m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zonse ankakumbukira kuti manja odzaiika m'dothi sadzakhala ake.

Lachinayi lina m'mawa, chifunga chisanachoke, anamva belu ija. Alufeo anatsika panjinga atavala malaya ake olembedwa, n'kutulutsa khadi la sikelo m'thumba.

“Alamu, mwadzuka bwanji? Mundisankhire yabwino zedi lero. Iyi ndi ya mwana wofunika kwambiri.”

Gerevazio sanapiteko kusukulu. Pa khadi ankangoyang'ana chidindo cha anesi, ndipo chidindo chinalipo. Mwana wofunika kwambiri kwa Alufeo angakhalenso ndani, ngati si Tony? Anamuyang'ana mlamu wakeyo akupukuta matope pa belu ndi chala, ndipo kaduka kanamugwira. Munthu uyu anali ndi dothi, njinga, kalendala, tsopano akufunanso mbande yoposa zonse kuti zaka zikubwerazi azidzagawira alendo mapichesi n'kumati ndi manja anga awa.

“Dikirani pompo, alamu. Zabwino ndimabisa kuseri.”

Kuseri kwa shedi kunali mbande zosamezanitsa, zodikira mpeni. Anasankha yaitali, ya masamba obiriwira bwino, yoti munthu wosadziwa aikonda. Anatulutsa kapulasitiki m'thumba, anakazunguliza pa tsinde pamene pamayenera kukhala chipsera cha polumikiza, n'kumanga mfundo yake ya masiku onse. Pichesi imatenga zaka zitatu kuti ibale, ndipo pofika nthawi imeneyo ndani angakumbukire?

“Iyi ndiye mfumu ya zonse,” anatero pompatsa.

Alufeo anathokoza ndi manja awiri, anaimangirira pakaliyala, n'kumapita akuliza belu pamene panalibe munthu woti apatuke. Tsiku lonse Gerevazio anagwira ntchito akuimba mluzu. Tisanamizane, anakondwa.

Ataweruka madzulo, mvula ikuwaza, anapeza anthu pakhomo pake. Poyamba anaganiza kuti kwagwa zovuta. Koma alamu ake onse anali chilili akuseka, Jesinta atabereka Tony, Marita atanyamula Tikondwe, ana ake ena atatsuka kumaso. Kumbali kwa nyumba yake ya njerwa kunali dzenje lokumbidwa kumene, lothiridwa manyowa, ndipo pambali pa dzenjelo panali mbande ija.

Alufeo anakhosomola monga ankachitira asanayambe kulankhula.

“Alamu, Tikondwe anabayitsa dzulo ku sikelo ya kutchalitchi. Mlongo wangayu anakubisirani dala. Wakhala akundivutitsa milungu itatu, akuti mwamuna wake akuuma mtima tikuona. Ndiye takhala pansi monga mbumba, tagwirizana. Zaka khumi ndi zinayi si za mlendo. Maliro athu mwakumba nawo, amayi athu munawanyamula pamachira mpaka kuchipatala. Mtengo wa mwana wanu mudzale nokha, pakhomo panu, ndi manja anu. Ukakula anthu azidzati ndi pa Gerevazio.”

Amayi analulutira. Wina anamupatsa khasu. Gerevazio analilandira, n'kugwada pafupi ndi dzenje. Chimene anachilakalaka zaka zonse zija chinali patsogolo pake, dothi lakuda, lonyowa, lonunkhira manyowa a ng'ombe. Akanatha kung'amba chubu cha mbandeyo, kuiika m'dzenje, kukwirira, n'kulandira m'manja. Palibe akanadziwa. Koma mtengo wodzalidwa pamaso pa mbumba sungazulidwe mawa popanda mafunso, ndipo Tikondwe akanakula akuuloza kuti uwu ndi wanga, anandidzalira ndi bambo anga, n'kudzaluma chipatso chake choyamba.

Marita anawerama kuti mwana agwire tsamba. Maso ake anagwera pa kapulasitiki kaja. Iye ndiye ankadula tizingwe timeneti, ndipo ankadziwa kuti kakakhala miyezi pamtengo kamachita mbuu ndi dzuwa. Aka kanali konyezimira, kolembedwa shuga moonekeratu. Anamuyang'ana mwamuna wake, kumwetulira kuja kukuzilala.

“Iyi sindingadzale,” anatero Gerevazio, mawu ali pansi. “Ndi yosamezanitsa. Idzabala zowawasa.”

“Aa, mwangosokoneza basi,” Alufeo anaseka. “Ntchito yachuluka. Tituma munthu akatenge ina.”

Mlamu wake anali atamutsegulira njira yothawira, ndipo mwina akanadutsa pomwepo. Koma Jesinta, mayi wosalankhulalankhula, anagwada, anamasula kapulasitiki kaja, n'kusisita tsinde ndi chala. Linali losalala, mpeni sunalikhudzepo.

“Wosokoneza samanga chingwe pamene sanadule,” anatero Jesinta. “Nanga inu, alamu, m'mawa muja munkaganiza kuti mukusankhira mwana wa yani?”

Mvula inkagogoda pa malata. Gerevazio anakweza maso, ndipo anakumana ndi a Tony, amene ankasuzumira paphewa pa mayi ake akuyamwa chala.

“Ndinkayesa ndi ya Tony,” anatero.

Palibe anakuwa, palibe anatukwana. Amayi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira ntchito imene anaisiya. Alufeo anayang'ana dzenje lija. Kenako anatambasula dzanja.

“Bweretsani khasulo, alamu.”

Gerevazio anapereka. Alufeo anayamba kubwezera dothi m'dzenje lopanda kanthu, pang'onopang'ono, mpaka linadzaza, n'kupondaponda ndi chidendene kuti ana asagweremo.