Chimthiraki chidadikira maliro a amayi anga

Amayi anga adamwalira m'nyengo yafumbi, nthawi imene ankakonza msewu waukulu wopita ku Kanengo. Magalimoto onse adawakhotetsera m'kamsewu kathu ka ku Area 25, komwe ngakhale minibasi ziwiri zimadutsana movutikira. Pabwalo pathu m'pochepa, ndiye tidachita zimene aliyense kuno amachita: tidayala masamba aawisi uku ndi uku pamsewu, n'kukhoma tenti pakati. Masambawo safuna womasulira. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kusaka njira ina.

Tsiku loika, bokosi litangotulutsidwa panja kuti anthu aone nkhope, pansi padayamba kunjenjemera. Kudatulukira kagalimoto ka mbendera zofiira, nyali ikuphethira padenga. Pambuyo pake panali chimthiraki chomwe sindidachionepo chibadwire. Chinali ndi mitu iwiri, wina kukoka kutsogolo, wina kukankha kumbuyo, pakati chingolo chapansipansi, mateyala mbwee ngati miyendo ya bongololo. Chidasenza chithanki chachitsulo chotalika kuposa tchalitchi chathu, ndipo pamwamba pake padakhala munthu ndi mtengo wamphanda wotukulira mawaya a magetsi.

M'kagalimoto muja mudatsika bambo wina wovala vesiti yowala. Adaponda masamba athu ngati zinyalala.

"Pepani ndi zovutazi, koma tenti iyi ichoke kaye," adatero. "Teni minitsi basi. Katunduyu ali ndi pemiti ya boma, ndipo chimenechi sichibwerera m'mbuyo. Bokosilo mungolilowetsa m'nyumba pang'ono."

Amalume anga ndi munthu woopa chilichonse chooneka ngati yunifolomu. Adayamba kale kukodola amuna kuti azule mapaipi a tenti. Koma kwathu maliro akatuluka pakhomo sabwereranso m'nyumba. Amalume ankadziwa zimenezi kuposa ine, koma mantha adawakulira.

Mwana wamkazi pamaliro a amayi ake amakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, n'kumalira, zoyankhula n'kusiyira amuna. Ine ndidadzuka. Ndidamanga chitenje, ndidayenda mpaka pamphuno pa chimthirakicho, n'kukhala pansi, miyendo tambalale.

"Abambo," ndidatero, "pemiti yanuyo mukawawerengere amene anakupatsaniwo. Agona apowo ndi amayi anga. Atuluka kale, salowanso. Ngati muli pachangu, pondani."

"Iwe, ukutichititsa manyazi!" adanong'ona amalume.

Sindidawayang'ane n'komwe. Sindiname, mantha ndidali nawo. Injini inkandiuzira mpweya wotentha kumaso, ndipo teyala limodzi lokha linkandiposa msinkhu nditakhala chomwecho. Koma mkwiyo udakula kuposa mantha. Kenaka mayi wina wa kumpingo adabwera kudzakhala pambali panga, bulauzi yake yoyera osaidandaula. Kudabwera wachiwiri, wachitatu, mpaka msewu udadzaza. Adayambitsa nyimbo, ife tonse kuvomera.

Wa vesiti uja adakalipa m'wailesi yake yam'manja mpaka mawu adasasa. Amene adathetsa nkhani ndi dalaivala wa mutu wakutsogolo, mdala wa imvi, wooneka kuti ngwakunja chifukwa Chichewa sankachimva. Adazimitsa injini, mnzake wakumbuyo nayenso. Adatsika pamakwerero, adavula kapusi, n'kukakhala pa njerwa pakati pa amuna. Abusa nawo, Mulungu awadalitse, sadadumphe vesi ndi limodzi lomwe. Ndikukayika ngati adalalikirapo motalika chomwecho.

Mpaka lero amalume amati ndidachita zamwano, ndipo amadikira kuti tsiku lina ndidzapepesa. Adikira mpaka liti kaya. Amayi anga adakalamba akulumphira m'ngalande ndi dengu la tomato pamutu, kuthawa mathiraki a ku Kanengo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe idawachepetsera liwiro. Tsiku limodzi lokhalo, yaikulu kuposa onse idaima chilili mpaka iwo atanyamuka.