Mphete za mbalame za a Simwaka

A Simwaka akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundipeza ndi fungo la matope a m'minda ya mpunga ku Hara, ndi phokoso la zitini zomwe ife ana tinkaguguda popirikitsa mpheta. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. Anali atamaliza kale digiri yoyamba, ndipo ankafuna yachiwiri pofufuza komwe mbalame zotha mpunga wathuzo zinkachokera ndi komwe zinkakaswana.

M'mamawa ankatchera ukonde wopyapyala m'mbali mwa ngalande. Mpheta ikakodwa ankaiyeza, n'kuiveka kamphete kachitsulo ka nambala kumwendo, kenako n'kuitaya. Ife zinkatipweteka mtima, ndiwo yonseyo kungoiulutsa!

"Yayi, mwana wane," anandiuza tsiku lina. "Ikagwidwa kwina tidziwa njira yake. Tikadziwa njira, iwe uzipita kusukulu, zitinizi uzisiya."

Chaka chimenecho mlimi wina anapha mpheta ya mphete n'kupita nayo kwa tcheyamani wa chipani. Tcheyamaniyo anaitanitsa msonkhano. Anakweza kamwendo kaja m'mwamba n'kufunsa, "Mbalamezi zimaulukira kuti? Si ku Tanzania, kwa zigawenga? Nanga manambalawa akuuza ndani?"

A Simwaka anayesa kufotokoza kuti ndi maphunziro chabe, koma anyamata a chipani anawakhazika pansi. Anthu omwe ankadya nawo m'mbale imodzi anaomba m'manja. Apolisi atabwera kudzagwira a Simwaka, ukonde ndi mapepala onse a kafukufuku anaziotcha pabwalo pawo, mkazi wawo akuona.

A Simwaka anakhala m'ndende zaka zingapo popanda kuzengedwa mlandu. Pobwera anali ataguluka mano, maso akuona mwa chizimezime, ndipo kuyunivesite dzina lawo linali litafufutidwa. Palibe ofesi yomwe ikanalemba munthu wochokera kundende ya ndale. Tcheyamani yemwe uja ndiye anawapatsa ganyu m'munda mwake, yopirikitsa mbalame.

Ndinawapeza komweko nditakula, ndipo ndinawafunsa ngati anali atadziwa komwe mpheta zimaswana.

"Kunatsala nyengo imodzi basi," anatero. "Usafunsenso."

Anamwalira osaimaliza digiri ija. Pamaliro, amene ankaomba m'manja aja analankhula bwino kwambiri, ati tataya munthu wophunzira. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndikapita ku Hara ndimawapeza ena mwa iwo atakalamba, akundipatsa dzanja mwaulemu, ndipo langa limakhala m'thumba.