Jivi pa Misana ya Mbira

Zamasewera zambiri za unyamata wanga sindidandaula nazo. Za chule amene ndinaika m'chipewa cha mlaliki ndimasekabe mpaka lero. Koma za mbira za ku Lisungwi ndikazikumbukira, kuseka kumathera pakhosi.

Munali m'zaka za m'ma 1950, ndili chaka chachiwiri ku sekondale. Patchuthi ndinapita kwa amalume, amene ankasamalira mbira za mzungu wina, dokotala wa ziweto. Iyeyu ankafufuza matenda a ng'ombe obwera ndi ntchentche za kashembe. Ankatenga magazi a ng'ombe yodwala n'kubaya nawo mbira kuti aone ngati nazo zingadwale.

Sikuti ankangobaya mmene wafunira ayi. Pachitseko cha khola la mbirazo panali kalata yachilolezo yochokera ku Zomba. Inkati azibaya mbira zochepa basi, yobayidwa aziyiika chizindikiro, ndipo isatuluke pamalopo yamoyo. Chizindikirocho chinali kadontho ka jivi pamsana, mankhwala aja opaka pazilonda. Ntchito ikatha, zosabayidwa zinali zoti zibwerere kwa amayi a m'mudzi amene anazibwereketsa.

Amalume ankalankhula ndi mbirazo ngati anthu akuluakulu. "Mwadzuka bwanji, amayi? Tasunthani pang'ono ndisese." Ine ndinkaona kuti pamenepa pali posekera.

Tsiku lina amalume atapita kukamweta udzu, ndinachotsa thabwa lolekanitsa zobayidwa ndi zabwino, n'kudontheza jivi pamsana pa iliyonse. Kenako ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Atabwera anaima ndi mtolo pamutu, n'kutikita m'maso. "Kodi inu amayi, akubayani liti? Nanga inunso?" Ndinaluma malaya kuti asandimve ndikuseka. Ndisaname, pamenepo pokha panali pokoma.

Dokotala atafika sanakalipe. Anayang'ana m'kholamo nthawi yaitali, kenako anandiitana kuti ndimasulire, poti wodziwa Chingelezi ndinali ine. Ndinapita manja ali m'thumba, chifukwa jivi sachoka ndi madzi.

Anati ndiwauze amalume kuti tsopano palibe amene angadziwe yodwala ndi iti, choncho zonse ziyenera kuphedwa, ndipo iye alembera ku Zomba kufotokoza chifukwa chake. Ndinawauza. Kenako anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinamasuliranso.

Amalume anayang'ana matumba a kabudula wanga. Anayang'ana nkhope yanga. Sukulu yanga inali yamishoni, ndipo onse tinkadziwa kuti kalata imodzi ya mzungu ikanandibweza kumudzi.

"Umuuze kuti ndine," iwo anatero. "Ndinasokonezeka mutu."

Ndipo ndinamuuza. M'Chingelezi chosalala, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe, ndinati amalume anga akuvomera kuti alakwitsa.

Amalume anazipha okha, imodziimodzi, mwachangu monga kalata yachilolezo ija inkanenera. Ina inali ndi bere. Sindinathe kuyang'ana, koma ndinkamva akunong'ona kwa iliyonse. Atatha anandiponyera khasu.

"Tulutsa manjawo, mphwanga, ndawaona kale. Kumba."

Mwezi utatha dokotala anawachotsa ntchito. Amalume anayenda khomo ndi khomo kukapepesa kwa eni mbira, ine ndili m'kalasi, ndipo pambuyo pake anapita ku Zalewa kukasenza katundu pamsewu. Mpaka amalume anamwalira, kwa mayi anga sananenepo kanthu. Nanenso sindinanene.